MLIMI NDI ZIPANGIZO ZAKE: Zikhadabo za Sowo ya Injini

Kale munthu wofuna matabwa m'dera la Kafue anali kukumba dzenje, nagoneka cipika pamwamba pake, ndipo amuna awiri, wina pansi wina pamwamba, anali kukokerana sowo yaitali kucokera m'mamawa kufikira dzuwa litapendeka. Masiku ano nchito yomweyo imagwiridwa ndi munthu mmodzi wokhala ndi sowo ya injini, imene m'masitolo imachedwa chainsaw. Kulira kwake kumamveka m'mapulazi a ku Shimabala ndi ku Chikupi, m'midzi ya ku Mungu ndi ku Chanyanya, ngakhalenso kuseri kwa mapiri ku Chiawa. Ndipo ena mwa matabwa ndi mitanda ya denga imene akalipentala a ku Zambia Compound ndi ku Shikoswe amagula inadutsa pa mano ake.

Mwini sowo yotere amadziwa kuti anataya ndalama zambiri poigula, cotero amaisamala. Amanola cheni, amapukuta pulagi, amasakaniza petulo ndi oilo monga mwa muyeso wake. Koma pali kacitsulo kamodzi kamene eni ambiri sakayang'ana konse kufikira tsiku limene kadzathyoka kapena kugwera m'udzu. Ndiko kacitsulo ka minga komangidwa ndi mabauti kutsogolo kwa injini, patsinde peni-peni pa bala, ndico citsulo cacitali cathyathyathya cimene cheni imazungulirapo. M'mabuku a opanga masowo kamachedwa bumper spike, ndipo odula mitengo a ku America amangoti dogs, ndiko kunena kuti agalu, popeza kakaluma mtengo sikataya. M'Cinyanja dzina lokayenera ndi zikhadabo, cifukwa kagwiridwe kake ndi konga ka kabawi pa mwanapiye.

Pa ziwalo zonse za sowo, zikhadabo ziri m'gulu la zochipa kwambiri. Koma zikabuntha kapena kugwedera, malipiro ake amakhala mwendo kapena dzanja la munthu.

NCHITO YA ZIKHADABO

Ali yense amene anazulapo mwala waukulu m'munda amadziwa nzeru iyi: amalowetsa mtengo kunsi kwa mwalawo, nautsamiritsa pa mwala wina waung'ono, ndipo akakanikiza kumapeto kwake, cimwala cimene cikadakanika amuna atatu cimatembenuka. Pa sowo, zikhadabo ndizo mwala waung'ono uja. Zikalowa m'khungwa, sowo imapeza potsamira. Woceka amangokweza pang'ono cogwirira cakumbuyo, ndipo bala imatsika yokha m'cipika popanda iye kuwerama ndi kukanikiza ndi thupi lonse.

Sowo yaikulu yogwetsera mitengo, pamodzi ndi bala, cheni ndi mafuta, imalemera makilogalamu 7 kapena 8, ndipo ina imaposa pamenepo. Kunyamula katundu wotere m'manja tsiku lonse, injini iri kunjenjemera, kumathetsa mphamvu ngakhale mnyamata wadzitho. Sowo imene Andreas Stihl anapanga ku Stuttgart, m'dziko la Germany, mu 1926 inali yoyendera magetsi, ndipo inali yolemera kotero kuti inafuna amuna awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo. Masowo opepuka a munthu mmodzi anayamba kufala m'zaka za m'ma 1950. Woceka wa lero alibe mnzake wogwira kumapeto kwa bala. Womuthandiza kusenza ndi cipika comwe ali kucekaco, ndipo cipikaco cimalandira katundu kupyolera m'zikhadabo basi.

Koma pali cina cacikulu coposa kutopa. Cheni ya sowo imathamanga mamita pafupi-fupi 20 pa sekondi imodzi, liwiro lolingana ndi la basi pa mseu waukulu wocokera ku Kafue kupita ku Lusaka. Mphamvu imeneyi ikapeza coiletsa, imabwerera kwa munthu mwa njira zitatu.

Njira yoyamba iri poceka ndi kunsi kwa bala, monga momwe anthu amacekera kawiri-kawiri. Pamenepo mano amakokera sowo kutsogolo, kuloza ku cipika. Cheni ikapanidwa kapena kugunda msomali, kukokako kumadza mwadzidzidzi, ndipo munthu amagwera kutsogolo pamodzi ndi sowo yake. Zikhadabo zikakhala zitagwira kale mtengo, mphamvu yonseyo imathera pa mtengo pomwepo. Njira yaciwiri iri poceka ndi kumtunda kwa bala. Apo sowo imakankhidwira kumbuyo, kuloza pamimba pa woceka.

Njira yacitatu ndiyo yoopsa koposa. Cigawo cakumtunda ca nsonga ya bala cikakhudza nthambi kapena cipika cina, bala imadumphira m'mwamba kuloza kumaso ndi paphewa, msanga koposa kuphethira kwa diso. Zikhadabo sizingaimitse kudumpha kumeneku kukayamba. Imeneyo ndi nchito ya buleki ya cheni, imene opanga anayamba kuika pa masowo m'zaka za m'ma 1970. Komabe woceka amene amadalira zikhadabo zake amaceka ndi tsinde la bala, kutali ndi nsonga, motero mpata wa ngozi umacepa. Amene zikhadabo zake zinabuntha amazolowera kuceka ndi pakati kapena kumapeto kwa bala, ndipo amayenda m'mphepete mwa dzenje tsiku liri lonse osadziwa. Akulu-akulu anati cakudza siciimba ng'oma.

CIMENE CIMAZIBUNTHITSA

Citsulo sicibuntha cokha. Mitengo ya tsanya, imene ena amati mupani, yopezeka m'cigwa ca Zambezi ca ku Chiawa, ndi youma gwa, ndipo imadya nsonga za zikhadabo pang'ono-pang'ono. Mitengo ya m'mapiri ozungulira Kafue imapsa ndi moto wa m'chire caka ndi caka, cotero makungwa ake amadzala phulusa ndi fumbi. Ciswe naco cimamata dothi pa makungwa, ndipo dothi la ciswe limapala citsulo monga mwala wonolera. M'mapulazi muli mitengo ya m'malire imene inameza misomali ndi waya waminga zaka zambiri zapitazo; kunja imaoneka yosalala, koma m'kati muli citsulo cobisala.

Kubuntha kwina kumadza ndi kasungidwe. Woceka akatopa amaponya sowo pansi osayang'ana ngati pali miyala. Pobwerera kumudzi amaiika m'ngolo pamodzi ndi makasu ndi nkhwangwa, kapena amaimangirira pa njinga, ndipo zitsulo zimagundana njira yonse. M'nyengo ya mvula utuci wonyowa umakhalira kuseri kwa zikhadabo, nubala dzimbiri. Pomaliza pali kunjenjemera kwa injini, kumene kumamasula mabauti mosaoneka, kufikira bauti lina litagwa ndipo kacitsuloko katsala lende pa bauti limodzi.

ZIZINDIKIRO

Kuyesa zikhadabo sikufuna mmisiri. Injini itazimidwa, woceka azigwedeze ndi dzanja lobvala golovesi. Zikasuntha ngakhale pang'ono, mabauti amasuka. Kenaka azikanikize pa khungwa la cipika ndi kukweza cogwirira cakumbuyo. Zakuthwa zimalowa ndi kugwira. Zobuntha zimaterereka ndi kusiya mizere pa khungwa. Mtengo wabwino woyeserapo ndi bulugama, popeza khungwa lake ndi losalala ndipo silikhululukira citsulo cobuntha.

Ayang'anenso ngati nsonga zina zapindika kapena kuthyoka, ndi ngati pali mng'alu pafupi ndi maboo a mabauti, pakuti ndipo pamene citsulo cimayambira kusweka. Thupi nalo limauza mwini wake. Munthu akayamba kumva kuwawa kwa mapewa ndi msana pa nchito imene kale anali kuigwira mosabvutika, asafulumire kunena kuti wakalamba. Ayambe wayang'ana zikhadabo ndi cheni.

KANOLEDWE KAKE

Zofunika ndi zocepa: tupa lathyathyathya, sipanala ya sowo, cocotsera mabauti coyenerana ndi mitu yake, bulashi ya waya, palafini pang'ono, nsanza, magolovesi ndi vaisi. Tupa lobulungira la cheni lisagwiritsidwe nchito pano, cifukwa limakumba msewa pa citsulo m'malo mocisongola. Pa masowo ambiri mitu ya mabauti iri ndi boo longa nyenyezi. Kukakamiza cocotsera ca mtundu wina kumaononga mutuwo, ndipo bauti lotere silidzatulukanso popanda kuboola.

Coyamba, injini izimidwe ndi kusiyidwa kuti izizire. Paipi yotulutsa utsi iri pafupi kwambiri ndi zikhadabo, ndipo imaocha ngakhale patapita nthawi. Cipewa ca pulagi cicotsedwe kuti sowo isalire mwangozi. Bala ndi cheni nazo zicotsedwe, pakuti cheni yoima imacekabe zala za munthu wosasamala.

Caciwiri, zikhadabo zimasulidwe ndi kutsukidwa ndi palafini ndi bulashi kufikira utomoni, utuci ndi dzimbiri zitacoka. Kunolera pa sowo pomwepo n'kotheka, koma n'kosayenera, cifukwa tupa likhoza kupala bokosi la injini, ndipo fumbi la citsulo limagwera m'kanjira ka oilo wa cheni. Citsulo cikayera, ciyang'anidwe bwino-bwino padzuwa. Ngati cang'aluka, nchito yathera pomwepo: cigulidwe cina.

Cacitatu, cipanidwe mu vaisi, nsonga ziri m'mwamba. Amene alibe vaisi akhomere kacitsuloko pa citsa ndi misomali iwiri yodutsa m'maboo ake. Tupa ligwiridwe ndi manja awiri ndi kukankhidwira kutsogolo kokha, popeza mano a tupa amadya popita, ndipo pobwerera amangobuntha. Wonola atsate kapendekedwe kamene nsonga inali nako pocokera ku fakitale, napale mbali iyi ndi mbali iyo mofanana. Ndi bwino kuwerenga: ngati nsonga yoyamba yalandira kasanu mbali iri yonse, zinzake nazo zilandire kasanu, kuti zonse zitsale zolingana msinkhu. Nsonga imodzi ikatalika koposa zinzake, katundu yense amagwera pa iyo, ndipo siicedwa kuthyoka.

Cacinai, wonola adziwe polekera. Zikhadabo si singano ai, ndiponso si lumo. Cofunika ndi nsonga yolowa m'khungwa koma yonenepa kutsinde, monga dzino la galu. Yosongoka kwambiri imapindika tsiku loyamba ikakumana ndi tsanya, ndipo imabaya ncafu ya mwini wake ponyamula. Nsonga zikakwanira, tupa lidutse mopepuka m'mbali kucotsa timinga ta citsulo totsalira.

Ena amathamangira ku giraindala ya magetsi m'mashopu a amisiri a m'tauni. Giraindala imafulumira, koma imatenthetsa citsulo. Nsonga ikasanduka yobiriwira monga mtambo, yapsa, ndipo kulimba kwake kwatha. Idzabuntha msanga koposa kale. Ngati palibe kucitira mwina, mmisiri akhudzitse pang'ono-pang'ono ndi kubviika m'madzi kawiri-kawiri. Kuocherera cikhadabo cong'aluka, kapena kuongola ndi hamala cimene capindika kwambiri, ndi kudzinyenga cabe, pakuti cidzathyoka pa nthawi imene munthu watsamirapo ndi mphamvu.

Cacisanu, cipakidwe oilo pang'ono ndi kubwezedwa pamalo pake ndi mabauti ake eni-eni. Pa masowo ambiri mabautiwa amalowa m'citsulo copepuka ndi cofewa ca bokosi la injini. Kumanga mopitirira muyeso kumadya mazinga a m'boo, ndipo bauti lalitali koposa lake likhoza kuboola bokosilo. Munthu amange mpaka kulimba, aleke. Bala ndi cheni zikabwezedwa, cheni izunguzidwe ndi dzanja kuona kuti siikhudza zikhadabo pena pali ponse. Sowo ikagwira nchito kwa ola limodzi, mabauti ayesedwenso.

Masowo akulu amakhala ndi zikhadabo ziwiri, cina pa injini cina pa cibvundikiro ca m'mbali. Ziwirizi ziyenera kulingana utali ndi kuthwa. Cina cikagwira cina cikaterereka, sowo imapotoka, ndipo cipika cimadulidwa mokhota. Pa cifukwa comweci, zikhadabo zosula kumudzi ndi citsulo ca pa dzala zimabvuta: maboo salingana, citsulo cimakhala cofewa, ndipo nsonga zina zimayandikira cheni. Zazitali kwambiri ziri ndi malo ake pa mitengo ya makungwa ocindikala, koma pa mitengo wamba zimangofupikitsa bala popanda phindu.

CALA CIMODZI SICISWA NSABWE

Apa ndipo pamene eni masowo ambiri amasokera. Munthu akanola zikhadabo amapeza kuti tsopano angathe kukanikiza ndi mphamvu yaikulu, ndipo amaiwala cheni. Nzeru ya mwala waung'ono ija imaculukitsa mphamvu ya dzanja kangapo. Cotero cheni yobuntha ikakakamizidwa motere, bala imatentha ndi kudyeka, cheni imatamuka, kilachi imapsa, ndipo injini imalira ngati ng'ombe yolemedwa ndi goli. Zikhadabo zakuthwa pa cheni yobuntha zimaononga ndalama koposa momwe zimapulumutsira.

Cheni yakuthwa imadziwika ndi zimene imalavula. Ikamataya tizibanthu tooneka bwino, iri bwino. Ikamataya utuci wosalala ngati ufa, yabuntha. Mtundu wa dzino limene liri pa macheni a lero unapezedwa ndi Joseph Cox wa ku Oregon, m'dziko la America, amene anaonerera mphutsi ya kacirombo kofukula mitengo ndi kutengera kapindikidwe ka zibwano zake. Anayamba kupanga macheni otere mu 1947. Dzino limeneli linapangidwa kuti lizidzikokera lokha m'mtengo. Likafuna kukankhidwa, ndiye kuti likupempha tupa.

Tupa la cheni ndi lobulungira, ndipo kukula kwake kumatsata kukula kwa cheni: la mamilimita 4.0 pa macheni ang'ono, la 4.8 pa apakati, la 5.2 kapena 5.5 pa akulu. Muyeso wake umalembedwa pa bokosi la cheni. Mano ambiri amanoledwa mopendeka madigiri 30, kucokera m'kati kupita kunja, ndipo onse alandire mofanana. Kutsogolo kwa dzino liri lonse kuli kacitsulo koyesa kuzama kwa kuluma, kamene pa macheni ambiri kayenera kutsika mamilimita 0.65 kunsi kwa dzino. Ena amakapala kwambiri pofuna kuti sowo idye msanga. Sowo yotere imakoka mwaukali ndi kudumpha, kotero kuti ngakhale zikhadabo zabwino zimalephera kuigwira.

Oilo wakuda wocotsedwa m'galimoto asathiridwe m'thanki ya oilo wa cheni, cifukwa ali ndi fumbi la citsulo limene limadya pampu ndi bala. Ponena za petulo, opanga ambiri amalamula gawo limodzi la oilo wa injini zotere pa magawo 50 a petulo, ndiko kunena mamililita 100 pa malita 5; koma mwini atsate cimene buku la sowo yake linena.

KAGWIRITSIDWE KAKE

Podula cipika cogona, woceka aime mapazi motalikirana, thupi liri cakumanzere kwa mzere wa bala, kuti bala ikadumpha ipite pambali pa mutu. Cala cacikulu ca dzanja lamanzere cizungulire cogwirira cakutsogolo. Injini ipatsidwe moto wonse cheni isanakhudze mtengo, ndipo zikhadabo zikanikizidwe m'khungwa poyamba pomwe. Pamenepo akweze cogwirira cakumbuyo mofatsa, bala itsike. Ikatsika mokwanira, abweze sowo pang'ono cheni iri kuyenda, atsitse zikhadabo, nazilowetsenso pamunsi. Pofika kumapeto aleke kukanikiza, cifukwa mtengo ukatha mwadzidzidzi bala imagwera pansi kapena pabondo. Kuceka pamwamba poposa mapewa, kapena ndi dzanja limodzi, n'koletsedwa kwa wina ali yense, ngakhale wozolowera.

Pogwetsa mtengo woima, woceka amayamba wadula kamwa kumbali imene mtengo udzagwera, kuzama kwake pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo anai a kunenepa kwa thunthu. Kenaka amaceka kumbuyo, pamwamba pang'ono pa tsinde la kamwalo, nasiya pakati kamzere kosadula, kocindikala gawo limodzi mwa magawo khumi. Kamzere kameneka kamagwira nchito ya mahinji a citseko: ndiko kamaongolera mtengo pogwa. Zikhadabo zikagwira kumbuyo kwa kamzereko, bala imazungulira mwadongosolo ndipo woceka amadziwa poimira. Zikaterereka, bala ikhoza kudula mahinjiwo, ndipo mtengo umagwera kumene wafuna, kaya pa khola, pa nyumba kapena pa mwini sowo. Njira yothawira ikonzedwe mtengo usanadulidwe, cam'mbuyo mopendekera kumbali, ndipo anthu ena, makamaka ana, akhale kutali koposa utali wa mitengo iwiri.

Oceka matabwa ena amacotsa zikhadabo ponena kuti zimakola pong'amba cipika m'litali. Ngati atero, asunge kacitsuloko ndi mabauti ake m'thumba la zipangizo, ndi kukabwezera asanagwetse mtengo wina kapena kudula zipika. Zambiri zimatayika motere, ndipo sowo imatha zaka iri yopanda pogwirira.

MWINI SOWO NDI WANCHITO

M'midzi yambiri sowo imakhala ya munthu mmodzi, koma woigwiritsa nchito ndi mnyamata waganyu amene amalipidwa monga mwa kuculuka kwa matabwa kapena zipika. Mnyamatayo safuna kutaya ola pa kunola, popeza ola limenelo silimulipira. Mwini naye amati kusamala sowo ndi udindo wa woceka. Pakati pa awiriwa zikhadabo zimasowa mwini. Nkhanga zinapangana kusanapse: asanayambe nchito agwirizane kuti mwini adzagula matupa, mabauti ndi zikhadabo zatsopano, ndi kuti woceka adzayesa mabauti m'mawa muli monse ndi kunola zikhadabo pamene ziyamba kuterereka. Nthawi ya kunola iwerengedwe ngati nchito. Mwini amene amaumira ndalama ya tupa adzalipira ya bala, ya kilachi, kapenanso ya maliro.

Bala la cheni silifanana ndi la mpeni. Cheni imang'amba ndi kucotsa mnofu, ndipo magazi amatuluka ambiri m'kanthawi kocepa. Kucokera m'chire kufika ku cipatala ca Kafue, kapena ca Mtendere ku Chirundu, ndi ulendo wautali kwa munthu wotaya magazi. Cifukwa cake woceka asapite yekha kuthengo. Abvale majombo olimba, magolovesi, cisoti colimba, zochinga maso ndi makutu, ndiponso buluku lochinjiriza miyendo ngati angalipeze. M'thumba mukhale nsalu yoyera. Ngozi ikagwa, mnzake akanikize nsaluyo pabala mwamphamvu osaleka, ndi kufulumira naye kucipatala. Mowa ndi sowo siziyendera pamodzi.

SOWO YAKUTHWA NDI NKHALANGO

Sowo yosamalika imagwetsa pa tsiku limodzi mitengo imene nkhwangwa ikadatha nayo masabata. Mphamvu yotere iri ndi malire ake m'malamulo. Lamulo la Nkhalango, Nambala 4 la 2015, limafuna kuti wodula mitengo ya malonda, wooca makala ogulitsa ndi wonyamula katundu wotere akhale ndi cilolezo ca Dipatimenti ya Nkhalango. Mau a nyakwawa ndi ofunika pa malo a mfumu, koma salowa m'malo mwa cilolezo ca boma. Wopezeka alibe mapepala akhoza kulandidwa matabwa pamodzi ndi sowo imene anaisamala zaka zonsezo. Ofesi ya za nkhalango pa boma la Kafue ndiyo yofunsako munthu asanalize injini.

Ciwerengero cimene cakhala cikuchulidwa kwa zaka zambiri ndi cakuti Zambia imataya mahekitala 250,000 kufikira 300,000 a nkhalango caka ciri conse. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February caka cimeneco kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinacepetsa madzi opangira magetsi ku Kariba ndi pa mtsinje wa Kafue, ndipo mabanja ambiri a m'matauni anadalira makala koposa kale. Apa napo kasamalidwe ka sowo kali ndi mbali yake. Sowo yogwira bwino imadula pafupi ndi nthaka ndiponso moongoka. Mtengo umagwera pamalo poyenera osaphwanya ing'ono-ing'ono yoizungulira, ndipo zipika zake zimatulutsa matabwa okwanira. Sowo yoterereka imasiya zitsa zazitali ndi zipika zong'ambika, motero woceka amagwetsa mitengo iwiri kuti apeze za mtengo umodzi. Ndipo amene wadula abzale ina mvula ikayamba, kuti ana ake nawo adzapeze poimika denga.

Nchito yonse ya kumasula, kutsuka, kunola ndi kubwezera zikhadabo siposa theka la ola, ndipo pa sowo yogwira nchito masiku onse imafunika kamodzi pa miyezi ingapo. Kugwedeza ndi dzanja kuyesa mabauti ndiko kwa m'mawa muli monse, injini isanalire. Mai wa pa nyumba, amene amaona sowo ikutuluka ndi kulowa pakhomo, ali ndi ufulu wofunsa ngati zimenezi zacitika, pakuti woceka akapunduka, ndiye amene adzasenza banja.

Nkhani ya mlungu wamawa idzafotokoza kasamalidwe ka bala: kuitembenuza, kuyeretsa msewa wake, ndi kudziwa nthawi yoitaya.